Dzanja Lamanzere la Fanuel

Fanuel Alufandika ndinamudziwa akadali ndi manja onse awiri. Tinalembedwa ntchito mwezi umodzi, mu 2008, pa sikimu ina ya alimi a nzimbe kumunsi kwa boma la Chikwawa. Ine, Saulos, anandipatsa njinga yamoto yoti ndizizungulira m'minda n'kumalemba m'kope mulingo wa madzi m'ngalande. Iye anamuika kumapampu, kumene makina amakoka madzi mu Shire n'kuwakankhira m'minda. Kwawo kunali kwa Mlolo ku Nsanje. Anali wamtali, wosachedwa kuseka, ndipo zinthu zikamuvuta Chichewa chinkamuthawa n'kuyamba kulankhula Chisena.

Chaka chotsatira, m'mwezi wa Seputembala, lamba wa pampu anamukoka dzanja lamanja. Ine ndinali kuminda ya kumtunda, ndinangomva kuti amunyamula pa thirakitala mpaka kumsewu waukulu. Atatuluka m'chipatala, ku dzanjalo kunatsala chala chachikulu chokha, nachonso chouma, chosapindika. Nthawi imeneyo n'kuti atangokwatira kumene Anastazia, ndipo mkaziyo ndi amene ankamuveka malaya m'mawa uliwonse mpaka ataphunzira kuvala yekha.

Akuluakulu a sikimu sanafune kumuchotsa ntchito. Anamusamutsira ku ofesi ya madzi, kachipinda kamalata kotentha ngati uvuni wa njerwa, n'kumukhazika pa kompyuta. Ntchito yake inali yolowetsa manambala amene ine ndinkabwera nawo kuchokera kungalande. Ankalemba ndi chala chimodzi chakumanzere, kufunafuna chilembo chilichonse, thukuta likudonthera pa kiyibodi. Tsamba limodzi la kope langa linkamutengera m'mawa wonse. Kuseka kuja kunatha. Ndikamupatsa moni ankangogwedeza mutu.

Mu 2010 kunabwera mayi wina wa ku Blantyre, a Magret Likoswe. Sikimu inawalemba kwa zaka ziwiri kuti apange pulogalamu ya kompyuta yogawa madzi: munda uti uthiriridwe lero, maola angati, pampu iti iyatsidwe. Kale madziwo ankagawa ndi akapitawo, aliyense mmene waganizira, ndipo alimi ankamenyana pa zitseko za ngalande. Tebulo la a Magret linali loyandikana ndi la Fanuel. Tsiku lonse ankalemba mizere ya malamulo amene kompyuta imatsatira, amene eni ntchitoyo amati khodi. Khodiyo ankalembera mu pulogalamu ina imene ankaitchula kuti edita. Kwa ine editayo inkangooneka ngati tsamba lolembapo basi.

A Magret anaona kuti Fanuel amasuzumira. Sanamufunse ngati akufuna kuphunzira. Anangomuuza kuti akokere mpando pafupi, asathyoke khosi. Miyezi itatu isanathe, Fanuel anali atayamba kumva mmene khodi imayendera, moti nthawi zina ankaloza pamene mayiwo alakwitsa. Mutu unkagwira msanga. Vuto linali dzanja. Khodi imadzaza ndi tizizindikiro, mabulaketi a mitundumitundu ndi timizere, ndipo tambiri timatuluka pokhapokha ukapanikiza batani lotchedwa Shifiti ndi dzanja limodzi uku ukudina batani lina ndi dzanja linalo. Malamulo ena amafuna mabatani atatu nthawi imodzi.

Ndinalipo tsiku limene anatopa nazo. Anayesa kutambasula zala kuti zifike mbali zonse ziwiri za kiyibodi, zinakanika. Anayesa kupanikiza Shifiti ndi chala chouma chija, chinaterereka n'kufufuta mzere wonse. Anakankhira kiyibodi kutali.

"Nkhabe kwanisa, mayi," anatero, kutanthauza kuti sangathe. "Zinthu izi anapangira anthu a manja awiri."

"Anapangiradi anthu a manja awiri," a Magret anayankha. "Koma wakuuzani ndani kuti ziyenera kukhala mmene anazipangiramo?"

Anatsegula fayilo ina yaitali n'kumuonetsa.

"Iyi ndi fayilo ya makonzedwe. Edita ikamayaka, imayamba yawerenga muno. Mukalemba muno kuti batani ili lizichita chakuti, lizichita chomwecho. Yangayi ndasinthamo zinthu zoposa mazana awiri, chonsecho manja ndili nawo onse."

"Nanga inu mumasinthiranji?"

"Ife olemba khodi timaswera muno, m'mawa mpaka madzulo. Kanthu kovuta pang'ono kamene umachita kamodzi pamwezi umangopirira. Koma kamene umachita maulendo sauzande patsiku kamakudyera nthawi, kenako kamakudya thupi. Kwanuko bambo anu akagula khasu pamsika, mpini amagulanso pomwepo?"

"Ayi, amasema okha."

"Chifukwa chiyani?"

"Msinkhu wawo amaudziwa okha."

"Ndiye semanitu."

Tsiku lomwelo anasintha chinthu choyamba: Shifiti ukaidina kamodzi izidikira batani lotsatira, osafunika kuipanikiza. Sabata yotsatira anasamutsira tizizindikiro tonse mbali yakumanzere kwa kiyibodi, pansi pa zala zake. Kenako anaphunzira kuti akhoza kulemba zilembo ziwiri zokha, edita n'kumutulutsira mizere khumi imene amailemba kawirikawiri. Zenera la ofesi linkaloza kuzambwe, ndipo dzuwa likapendeka sikirini inkathobwa m'maso, choncho anaidetsa bii, zilembo n'kukhala zachikasu. Anakonza zoti bulaketi ikatsegulidwa koma osatsekedwa izifiira, asachite kuisaka. Malamulo amene ankawagwiritsa ntchito kwambiri anawapatsa mayina akwawo. Akalemba "saka", edita inkamufunira mawu m'mafayilo onse. Akalemba "pyonsene", limene ndi liwu la Chisena lotanthauza zonse, inkayesa pulogalamu yonse ngati ikuyenda bwino.

Chimene chinatiseketsa tonse chinali cha kuphazi. Anatola mausi yakale imene inatayidwa, anaikhomerera pa kathabwa n'kuiika pansi pa tebulo. Akafika m'mawa ankavula nsapato yakumanja. Chala chakuphazi chikadina mausiyo, mabatani a kumanzere kwa kiyibodi ankasanduka a kumanja. Motero dzanja lake silinkayendanso, linkangokhala malo amodzi, zala zokha zikugwedera.

A Magret anamuphunzitsanso kuti akasintha kanthu azilemba pambali tsiku ndi chifukwa chake. Tsiku lina, patapita zaka, Fanuel anandiwerengera mizere ina. "Novembala 2013: chala chaching'ono chatupa, ndachotsako ntchito ziwiri, ndapatsa chamkombaphala." "Malichi 2015: munda wa nambala 7 augawa pawiri, ndawonjezera chidule chatsopano." Ndinamufunsa kuti bwanji samasiya kusinthasintha poti zinthu zikuyenda kale.

"Achimwene, ntchito imasintha, dzanja nalo limasintha," anatero. "Ine ndikafuna kuti ndifanane ndi makina ndithyoka. Makinawa ndiwo afanane ndi ine."

Zaka ziwiri zitatha a Magret anachoka, kenako tinamva kuti apita ku Joni. Pulogalamu ya madzi inatsala m'manja mwa Fanuel, kapena ndinene kuti m'dzanja mwake. Anaisamalira zaka khumi. Anaikulitsa kuti izidziwa nzimbe zongodzalidwa kumene ndi zoyandikira kudulidwa. Ndewu za pangalande zinachepa mpaka tinaziiwala.

Sindidzaiwala Okutobala wa 2016. Kunja kunkatentha moti phula linkamata ku matayala. Pampu yaikulu inafa cha m'ma 10 koloko m'mawa, amakaniko n'kunena kuti ikonzeka pakatha masiku asanu ndi anayi. Madzi a pampu ziwiri zotsala anayenera kugawidwanso kwa alimi oposa mazana atatu. Pofika masana anthu anali atadzaza pakhonde la ofesi, ena atanyamula zikwanje zawo zakumunda. Mayi wina anakankha chitseko.

"A Alufandika, nzimbe zanga zili ndi milungu itatu. Zikapsa mudzandidyetsa ndinu?"

"Khalani pamthunzi, mayi. Mundipatse mphindi makumi awiri."

Ndinaima kumbuyo kwake. Dzanja silinkaoneka ngati likugwira ntchito, koma pa sikirini mizere inkangotuluka, ina kusuntha, ina kusintha mtundu. Phazi linkagunda pansi ngati la munthu womvera nyimbo. Kamodzi panafiira, iye n'kukonza osaima n'komwe. Analemba "pyonsene", anadikira pang'ono, n'kutumiza ku makina osindikiza. Mphindi makumi awiri zisanakwane ndinali nditamata ndandanda yatsopano pakhoma. Munda uliwonse unalandira kagawo kake, ndipo nzimbe za mayi aja sizinapse.

Madzulo ake, iye atatuluka kukasamba m'maso, ndinakhala pampando wake kuti ndilembe dzina langa. Ndinadina chilembo choyamba, panatuluka mizere isanu. Ndinadina chachiwiri, tsamba lonse linathawa. Anandipeza nditagwira pakamwa. Anaseka mpaka kukhala pansi, kuseka kwake kwa kale kuja.

"Imeneyo imamvera mwini wake yekha," anatero.

Fayilo ya makonzedweyo ankaisunganso pa fulashi, kachipangizo kosungira mafayilo, imene anaimangirira chingwe n'kumavala m'khosi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atagwa, Shire anasefukira, damu la ku Kapichira linagumuka, magetsi anapita. Madzi analowa mu ofesi yathu mpaka kufika m'mazenera. Titabwerera tinapeza kompyuta ya Fanuel itadzaza matope, kathabwa ka mausi kali kumunda. Ndinaganiza kuti alira. Iye anangobwereka laputopu ya mlangizi wa zaulimi, anailumikiza ku jenereta, analowetsa fulashi ija, ndipo mphindi khumi zisanathe sikirini inada bii, zilembo zachikasu zinabwerera, mabatani onse ali m'malo mwake.

"Mwaona? Makina ndi chikho chabe," anandiuza. "Takhuta, Mulungu." Kumeneko n'kuthokoza kwa kwawo.

Chaka chotsatira kunabwera namondwe Freddy. Ulendo uno ngalande yaikulu inang'ambika malo anayi, mapampu anakwiririka mumchenga, ndipo kwawo kwa Mlolo nyumba ya mayi ake inapita ndi madzi. Sikimu yokha sikanatha kudzuka. Kunabwera bungwe lina lakunja kudzathandiza. Linakonza ngalande, linagula mapampu atsopano, koma linabweranso ndi lamulo lake: pulogalamu yakale ichoke, sikimu igwiritse ntchito ya kampani ina imene bungwelo limagwira nayo ntchito m'mayiko ambiri. Anabweretsa malaputopu atsopano onyezimira, ndi manijala watsopano, a Ernest Mkandawire.

A Ernest sanali munthu woipa. Tsiku loyamba anamugwira Fanuel chanza ndi dzanja lamanzere, osachita kuuzidwa. Anamufotokozera kuti ntchito yake ikadalipo. Pulogalamu yatsopanoyo inkafuna munthu woilembera khodi yogwirizana ndi minda yathu, ndipo munthu wake anali iyeyo. Fanuel anasangalala. Anatsegula laputopu, anavula fulashi m'khosi n'kuilowetsa. Makina anakana. Anayesa bowo lina, anakananso. Anayesa kukoka edita yake pa intaneti, makina anafunsa pasiwedi imene munthu aliyense pasikimu analibe.

"Bwana, makinawa ndi okhoma."

"Eya, onse ndi okhoma. Khodi muzilembera pa tsamba lawo la pa intaneti, muli kale malo olembera."

Malo olemberawo anali kabokosi koyera. Munthu ankatha kukulitsa zilembo kapena kuzichepetsa, basi. Mabatani sankasunthika. Zidule kunalibe. Bulaketi yosatsekedwa inkangokhala yakuda ngati zinzake. Mausi yakuphazi makinawo sankaidziwa. Laputopu ya mlangizi ija n'kuti itabwerera kale kwa mwini wake, ndipo Fanuel analibe yakeyake.

Anapita kwa a Ernest atanyamula pepala limene analembapo zinthu zisanu ndi chimodzi zokha zimene ankapempha.

"Sindikupempha zonse, bwana. Izi zokha. Popanda izi ndili ngati munthu amene mwamumanga mwendo n'kumuuza kuti athamange."

"Ndakumvani, a Alufandika. Ndiwalembera a bungwe aja lero lomwe."

Analembadi, ndinaona kalatayo. Yankho linabwera patatha milungu isanu. Linati pofuna chitetezo, makina onse m'mayiko onse ayenera kukhala ofanana, ndipo sangatsegule amodzi chifukwa cha munthu mmodzi. Pa zinthu zisanu ndi chimodzi zija analola chimodzi, choti Shifiti izidikira. A Ernest analembanso kachiwiri. Kalata yachiwiriyo sinayankhidwe.

Fanuel sanasiye. Ankafika tonse tisanafike, n'kuyamba. Dzanja limodzi lija tsopano linkayenda kiyibodi yonse, kuchoka kumanzere kupita kumanja n'kubwerera, tsiku lonse. Mizere khumi imene kale inkatuluka ndi zilembo ziwiri ankailemba chilembo chimodzichimodzi. Zala zinazolowera malo akale kwa zaka khumi ndi zitatu, ndiye zinkadina pamene zinazolowera, n'kutuluka zina. Ankafufuta, kuyambiranso. Ntchito ya m'mawa umodzi inayamba kutenga masiku atatu. Nthawi zina ndinkaona phazi lake likugunda pasimenti popanda kanthu.

Itakwana miyezi inayi anayamba kugwedeza dzanja m'mwamba ngati munthu amene wapsa. Ankati pamfundo ya dzanja pakuyaka moto, zala zitatu zachita dzanzi. Tsiku lina kapu ya tiyi inamupulumuka, iye osamva kuti yachoka m'dzanja. Anastazia anabwera ku ofesi masana ena, chinthu chimene sanachitepo, n'kundikokera pambali.

"Alamu, alankhuleni anzanuwa. Dzulo alephera kutsegula botolo la mafuta. Akadzuka m'mawa dzanja limakhala ngati chikuni, ndimachita kuliviika m'madzi ofunda. Ine akundibisira, akuti n'kutopa chabe."

Ndinamulankhula. Anandiyankha kuti akapuma sabata imodzi ntchito idzaunjikana, ndipo akunjawo adzaona kuti iye ndi amene akuchedwetsa zinthu.

Anaonadi. Mu Ogasiti 2024 anaiwala kutseka bulaketi imodzi pakati pa mizere mazana anayi. Palibe chinafiira. Pulogalamu inadumpha munda wa nambala 7, ndipo unakhala masiku anayi osalandira madzi. Ine ndi amene ndinazindikira nditapeza ngalande yake ili gwa, masamba a nzimbe atapotana. Alimi anabwera pakhonde ngati kale, koma ulendo uno Fanuel sanawalonjeze mphindi makumi awiri. Anasaka cholakwikacho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akuwerenga mzere umodziumodzi, anthu akutukwana panja. Bambo wina anafuula kuti ntchito ya anthu athunthu anaipatsiranji munthu wopuwala. Fanuel anamva. Sanatembenuke.

Patatha miyezi iwiri a Ernest anamuitana. Anatseka chitseko, koma khoma la malata silibisa mawu. Anati kampani ija yaganiza zoti khodi ya masikimu onse izilembedwa ku likulu lawo kunja, ife tizingotumiza manambala. Udindo wa Fanuel utha kumapeto kwa chaka.

"Ndinayesetsa, a Alufandika."

"Ndikudziwa, bwana."

"Mutu wanu ndi wabwino. Ku Blantyre akufuna anthu ngati inu."

"Mutu, eya," anatero Fanuel.

Mu Januwale anaitanidwa kukayesedwa ntchito pa kampani ina ku Blantyre. Ndinamuperekeza, poti ndinkafunanso zipangizo za njinga ku Limbe. Tinakwera minibasi pa boma m'mawa. Pokwera phiri anali wansangala, akundifotokozera kuti anthu a kumeneko ndi olemba khodi enieni, adzamumvetsa. Anavala malaya oyera, fulashi ili m'khosi.

Ndinadikira pabenchi panja. Chitseko chinali chagalasi, ndinkaona zonse. Oyesedwa analipo asanu ndi mmodzi, aliyense pa kompyuta yake. Woyang'anira mayeso anali mayi wina wachitsikana, dzina lake Molly. Ndinaona Fanuel akuvula fulashi m'khosi n'kumuonetsa, kenako akukweza dzanja lamanja kuti alione. Mayiyo anatuluka, anadutsa pafupi ndi ine kukafunsa akuluakulu ake, n'kubwerera akugwedeza mutu. Anasiya chitseko chosatseka bwino.

"Pepani bambo. Akuti aliyense alembere pa makina ofanana kuti pasakhale kukondera. Mukalembedwa ntchito mudzakonza makina anu mmene mukufunira, tonse kuno timatero. Koma mayeso ndi ola limodzi kwa aliyense."

"Mayi, ofanana kwa ndani?"

Mayiyo anayang'ana pansi, n'kunena kuti nthawi yayamba.

Ola litatha Fanuel anatuluka womalizira, dzanja atalipanira kukhwapa. Pobwerera, minibasi inayamba kutsetsereka phiri, chigwa chonse chikuoneka pansi, Shire akunyezimira pakati pa minda.

"Funso lake linali lophweka," anatero. "Yankho ndinali nalo mphindi khumi zisanathe. Ndalemba gawo limodzi mwa magawo atatu."

Sanamuitanenso. Fanuel analembera makampani ena awiri, osayankhidwa. Ndinamuumiriza kuti alembere a Magret, ndipo atakanakana analemba. Mayiwo anayankha tsiku lomwelo. Anati amva chisoni, ndipo atumiza laputopu yawo yakale ndi munthu wina wobwera pa basi, kuti mwina Fanuel angamapeze tintchito ta pa intaneti ali pakhomo.

Inafika mu Malichi, n'kuti kwatsala sabata imodzi kuti atuluke m'nyumba ya sikimu. Anandiitana kuti ndidzaone. Anastazia anayala nsalu patebulo. Fanuel analowetsa fulashi, ndipo zonse zinabwerera: mdima uja, zilembo zachikasu, mayina a Chisena. Nkhope yake inawala. Anaika dzanja pamalo pake n'kuyamba. Mzere woyamba unatuluka bwino, wachiwiri chimodzimodzi. Pa wachinayi zala zinakana. Chamkombaphala chinkadina pawiri, chapakati sichinkamva ngati chakhudza batani kapena ayi. Anagwedeza dzanja, anayesanso. Thukuta linatuluka pamphumi. Kenako anatsegula fayilo ya makonzedwe ija n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Nditha kusuntha izi zichoke pa zala zitatuzi," anatero. "Koma ndizipatse chala chiti?"

Anastazia anatuluka panja.

Kuchipatala anamuuza kuti mtsempha wapanikizika pamfundo ya dzanja, ndipo wakhala choncho nthawi yaitali. Anati pakufunika opaleshoni ku Blantyre, koma odikira ndi ambiri, ndipo ngakhale atachitidwa sizodziwika ngati zala zidzamvenso ngati kale. Anamulembera kalata. Kalatayo anaipinda n'kuiika m'thumba, ndipo mpaka lero sanapite. Nditamufunsa anati, "Achimwene, inu mukapita ndi dzanja kumpeni mumasiya lina kunyumba. Ine ndisiya chiyani?"

Anabwerera kwa Mlolo, pa malo a mayi ake, kumene anamanga kanyumba ka zipinda ziwiri pa kachitunda. Magetsi kulibe.

Ndinapita kukamuona mu Meyi. Ndinadzera msewu wa ku Thabwa, fumbi lokhalokha, ndipo ndinafika dzuwa lili pamutu. Anastazia anandilandira, anandipatsa madzi, n'kundilozera kumunda.

"Bambo a Yamiko ali kumapira. Khasu sangagwire, chikwanje sangagwire. Ndiye amadikira mbalame."

"Nanga makina aja?"

"Ali m'ndowa, tinakulunga m'pulasitiki n'kupachika kudenga, kuopa madzi. Chibwerereni sanawatsitse."

Ndinamupeza atakhala pa chulu pakati pa munda, atavala chipewa chamlaza, manja onse awiri ali pamiyendo. Anali ataonda. Anasangalala kundiona, koma mawu ake anali atasasa moti ndinachita kuyandikira. Tinakamba za mvula, za msewu, za mwana wake Yamiko amene anali atayamba sekondale. Za kompyuta sindinayambitse. Patapita nthawi anafunsa yekha, maso ali kumapira.

"Kusikimu madzi akuyenda bwanji?"

Ndinafuna kunama. Ndinafuna kumuuza kuti chichokereni iye zinthu zasokonekera, alimi akumufunsa tsiku ndi tsiku. Koma Fanuel si munthu womunamiza.

"Akuyenda bwino," ndinatero. "Ndandanda imabwera pa foni m'mawa uliwonse."

"Nambala 7?"

"Nayonso ikulandira."

Anagwedeza mutu kangapo.

"Pyadidi," anatero. "Zili bwino."

Kenako gulu la mpheta linatera kumapeto kwa munda, ngala za mapira n'kuwerama. Fanuel anadzuka movutikira, osagwira pansi, anayenda mapazi angapo n'kuyamba kukuwa. Mawu sanafike patali. Mbalame zina zinauluka, zambiri zinangosunthira pa mzere wina n'kupitiriza kudya. Anapita chakomweko akukuwabe. Ndinadikira kuti abwerere, koma gulu lina linatera mbali inayo, iye n'kutembenukira kumeneko. Ndinamutsanzika mofuula, anakweza mkono osacheuka, ndipo ndinabwerera kukaliza njinga kuti ndifike ku Thabwa kusanade.